Dzina limene ndinalemba m'mphepete mwa kaundula

Ndikudziwa kuti nkhalamba ikayamba za kale ena mumati yayamba kubwebweta, koma izi sindinazimve kwa munthu ndipo sindinalote. Zinandichitikira ine mwini, masanasana, ndipo dzanja limene linalakwa ndi lomweli ndikulembera lero. Mayina sinditchula, mukafika kumapeto mudziwa chifukwa chake.

M'zaka za m'ma 1930 ndinali kalaliki pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Ndinali nditaphunzirako kumishoni, ndipo kunena zoona ndinali wamatama, cholembera ndinkachipanira kukhutu ngakhale popita kumaliro kuti aliyense adziwe kuti uyu si wothyola tiyi. Chaka china kunabwera lamulo lochokera kuboma lakuti esiteti iliyonse ikhale ndi kaundula wa antchito ake, wolembamo dzina, kumene munthu achokera ndi zizindikiro za pathupi pake. Ankati n'zothandiza ife tomwe, kuti munthu akadwala kapena kumwalira abale ake apezeke msanga. Ndani akanatsutsa zabwino ngati zimenezo? Koma zakuti ndani angatsegule bukulo palibe amene ananena, ndipo ine sindinafunse.

Nthawi imeneyo othyola tiyi ambiri anali Alomwe owoloka Ruo kuthawa nkhanza za kwa Apwitikizi. Panali kachitidwe kamene aliyense ankakadziwa koma osakatchula: mlendo akafika, banja limene lamulandira linkamubwereka dzina ndi mudzi, ndipo kwa kalaliki ankanena zobwerekazo. N'chifukwa chake m'gulu limodzi munkatha kupeza amayi asanu a dzina limodzi, onse akuti kwawo n'ku Thekerani. Makalaliki anzanga ankangolemba zimene auzidwa n'kutseka buku. Koma ine ndinkafuna kaundula wanga akhale woona kuposa wa aliyense, choncho ndikatola kanthu kokhudza munthu ndinkakawonjezera m'mphepete ndi timalemba tating'ono, ndikudziona wanzeru kwabasi.

Mmodzi mwa obwerekedwa dzinawo anadzakhala mkazi wanga. Titatha chaka m'banja, tsiku lina tikupalira kudimba, anandiuza zonse. Ananditchulira mudzi wake weniweni, n'kundiuza za msilikali wa Apwitikizi amene anamutenga mokakamiza n'kumusandutsa mkazi wake, ndiponso kuti chipsera cha pakakolo chija chinali cha chingwe chimene anamumanga nacho atayesa kuthawa koyamba. Kenako, akuseka mwamanyazi, anandinong'oneza dzina lake la paubwana. Achinyamata a lero mwina simudziwa kulemera kwake. Munthu akavinidwa, dzina la paubwana limatsala kuchinamwali, ndipo kuitana nalo munthu wamkulu n'chimodzimodzi kumuvula pagulu. Iye anandipatsa dzinalo ngati mphatso. Ine m'mawa mwake ndinakalilemba m'mphepete mwa kaundula, pamodzi ndi mudzi ndi chipsera. Ndinkadzinamiza kuti ndikumusungira mbiri yake pamalo abwino, kuti ana athu adzadziwe kwawo.

Patapita miyezi ingapo, m'mawa wina wa chiperoni, kuofesi kunafika bambo wina wovala jekete yabwino, wolankhula mofatsa, atanyamula kalata ya chidindo. Anati akufunafuna mlongo wake amene anasowa, poti mayi awo ali kayakaya. Mzungu wa pa esiteti anangoyang'ana chidindocho, n'kundiuza kuti ndimuonetse buku, iye n'kumapita kufakitale.

Mlendoyo ankadziwa kuwerenga. Ndinaona kuti mizere ikuluikulu akungoidumpha, chala chake chikuyenda m'mphepete muja. Anandiyamikira kuti akalaliki a pano ndi odziwa ntchito, chifukwa m'maesiteti ena amene anadutsamo mabuku analibe kanthu, ndipo ine chitsiru ndinamwetulira mano onse pamtunda. Kenako anatchula mudzi umene akufuna, n'kuwonjezera kuti mlongo wakeyo ali ndi chipsera pakakolo. Mlongo wanji amene mbale wake amamudziwira chipsera m'malo mwa nkhope? Nditasuzumira pazenera ndinaona amuna awiri amene anabwera nawo ataima pansi pa bulugama, mmodzi atakulunga chingwe m'chiuno. Ndinadziwa kuti awa atumidwa ndi msilikali uja.

Chala chija chinaima. Anakopera zonse pakapepala, osafulumira, n'kundifunsa ngati mayi ameneyu ndimamudziwa. Chinthu chimodzi chokha chimene sindinalembe m'bukumo n'chakuti ndi mkazi wanga. Ndinayankha kuti antchito ndi ambiri, sindingadziwe onse, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati anandikhulupirira. Iye anati palibe vuto, adikira nthawi yoyeza masamba pa sikelo. Kumutumizira uthenga mkazi wanga ndikanatani, mlendoyo atakhala pampando pamaso panga m'mawa wonse?

Masana amayi anatsika m'minda ndi madengu awo, atafunda masaka kumutu chifukwa cha kamvula kaja, n'kufola pamzere kudikira kuyezetsa masamba. Mlendoyo anaitana dzina lobwereka lija, ndipo amayi asanu anavomera, mkazi wanga ali wachitatu, mwana wathu woyamba ali kumsana. Anawayang'ana kumapazi, koma onse anali matope ofiira mpaka m'mawondo. Anapempha kuti asambitsidwe miyendo, kapitawo anakana, nati madzi ali kutali ndipo masamba akuwonongeka m'madengu. Pamenepo anatulutsa kapepala kaja n'kufuula dzina la paubwana lija, kawiri, maso ake akuyenda pankhope za amayi asanuwo kuti aone amene adzidzimuke.

Ine ndinali nditaima pambali pa sikelo. Mkazi wanga sanaphethire, maso anali padengu, koma ine ndinaona dzanja lake likufinya chingwe cha dengulo. Sanayang'ane mlendoyo ndipo sanayang'anenso ine.

Amene anatipulumutsa ndi mayi wina wapakamwa, yemwe masiku onse ankandiseka za cholembera cha kukhutu chija. Anaponya dengu pansi n'kufunsa mokuwa kuti chinyama chosavinidwa ichi chachokera kuti, chobwera kudzavula amayi a eni ake pasikelo. Anati dzinalo ndi lake, ndipo akufuna adziwe amene wamupatsa chilolezo cholitchula. Wina kumbuyo anati ayi, ndi lake iyeyo. Posakhalitsa mzere wonse unali ukukuwiza m'Chilomwe ndi m'Chinyanja, aliyense akuti watukwanidwa ndi iye, matope akuuluka kulunjika jekete ija. Mzungu atamva phokoso anabwera, ndipo ataona kuti ntchito yaima sanasamalenso za chidindo, anawathamangitsa atatu onsewo. Anatsika ndi msewu wa ku Thekerani, kapepala kaja kali m'thumba.

Kunyumba mkazi wanga sanandikalipire, ndipo bwenzi zili bwino akanandikalipira. Anangondifunsa kuti tsidya lino la Ruo dzina limenelo anauza anthu angati. Anali atauza ine ndekha. M'mawa mwake ndinathira inki m'mphepete monse mwa kaundula, tsamba ndi tsamba, chifukwa si za iye yekha zimene ndinalembamo, ndipo ntchito yanga inathera pomwepo. Tinasamukira ku Chimaliro n'kuyamba kulima, koma kwa zaka zambiri tikaona mlendo wa jekete akukhotera kumudzi, mkazi wanga ankalowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Anthu aja sanabwerenso. Tinakhala limodzi zaka zoposa makumi anayi, tinalera ana, ankandiphikira ndi kundichapira, ndikadwala ankandidwazika bwino lomwe. Koma za mumtima mwake sanandiuzenso ngakhale kamodzi. Tsiku limene ankatsirizika anaitana mwana wathu wamkazi, n'kundipempha mwaulemu kuti ndiyambe ndatuluka, ali ndi mawu. Ndinakhala pakhonde kudikira, ndipo sindinadandaule, chifukwa ndinkadziwa amene anayambitsa.

Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti boma silinalakwe kufuna kudziwa anthu ake, koma linalakwa posanena amene angawerenge, ndipo ine ndinalakwa koposa polemba zimene sindinapatsidwe kuti ndilembe. Masiku ano kulikonse mungapite, kuchipatala, kusukulu, kofunsira ntchito, mupeza munthu ali ndi cholembera akufunsa zonse za moyo wanu, ndipo nthawi zonse amati n'zothandiza inu nomwe. Mwina n'zoona. Koma musachite manyazi kufunsa kuti bukulo likatsekedwa lidzatsegulidwa ndi yani. Ndipo inu ogwira zolembera, lembani chokhacho chimene mwatumidwa, chifukwa amene adzabwere kudzawerenga sadzakuuzani kuti panja wasiya anthu a chingwe.

Adzukulu anga amandinyengerera kuti ndiwauze dzina la paubwana la agogo awo aakazi, ati alilembe lisatayike. Ndimawauza kuti ndinaiwala. Sindinaiwale ayi.