Tsiku Limene Abusa Anakunkha M'munda Mwanga

Zaka zimene anthu othawa nkhondo ku Mozambiki anadzaza ku Katuli, mpingo wathu unali ndi abusa odziwa Chiheberi. Ankalemba buku lomasulira nkhani ija ya m'Malemba, ya mkazi wamasiye wachilendo amene ankakunkha m'munda wa eni, koma ankadandaula kuti ntchitoyo sikuyenda.

Tsiku lina titangokolola, anatulukira pa njinga yamoto n'kupeza amayi atatu othawa nkhondo akukunkha m'munda mwanga. Ndinkawalola, pakuti kwathu zotsalira m'mapesi sitimanana. Abusa anatsika mwaphuma moti njinga inagwa, osaidzutsa n'komwe.

"Mayi, nkhani yanga ija ndi imeneyi! Ndibwerekeni dengu."

Ndinakanitsitsa. Abusa athunthu, kolala ili m'khosi, n'kumawerama m'munda mwanga, anthu akanati chiyani? Analitenga okha dengulo n'kulowa pakati pa amayiwo, chisoso chili buluku lonse. Ankawafunsa mafunso osatha m'Chiyao chawo chothyokathyoka, amayiwo n'kumaseka chikhakhali. Dzuwa lili paliwombo abusawo anaweramuka atagwira msana, m'dengu muli tizimanga tofumbwa tosadzaza n'chipewa chomwe, koma nkhope ili mwee.

Bukulo litatuluka ndinakwera lole mpaka ku Mangochi kukaligula, ndipo ndinayamba kuliwerenga m'sitolo momwemo ndili chiimire. Analemba kuti munthu amene sanaweramepo kufuna chakudya m'munda wa mnzake asathamangire kulalikira nkhaniyi.

Chaka chotsatira pokolola ndinkasiya dala chimanga chikuluchikulu m'mapesi. Apongozi anga ankauza mudzi wonse kuti maso anga ayamba kufa, ine osawatsutsa.