Moto Umene Ndinasonkha pa Balani Yokhoma

Pepani owerenga, ine sindine munthu woti n'kulemba nkhani yoti anthu awerenge. Sukulu yanga inathera Sitandade 8 kumudzi kwathu, ndipo ndikudziwa kuti alipo ophunzira amene akanaifotokoza bwino kuposa ine, choncho pamene ndalakwitsa mundikhululukire. Chimene ndikupempha n'chakuti musaiyese nthano. Izi zinachitikadi, ine ndinalipo, ndipo moto umene ndikunenawu ndinausonkha ndi manja angawa. Maina sinditchula, chifukwa ena mwa anthuwa akali moyo ndipo timakumana pa msika.

Nthawi imeneyo ndinkakhala ndi amayi ndi amalume, alongo awo a amayi, pa esiteti ina ya fodya cha kuseri kwa Mtunthama. Amalume anali tenanti, ndiye kuti munda ndi wa bwana, ife timangolima n'kumayembekeza malipiro fodya akagulitsidwa. Bwana mwini wake ankakhala ku Lilongwe. Amene ankayendetsa zonse anali akapitawo, munthu wokonda kuseka, wa chipewa chofiira chimene sankachivula ngakhale pa maliro. Ankanditcha aphunzitsi chifukwa choti ndinkawerengera anthu malangizo a pa mabotolo a mankhwala, ndipo ngakhale ndinkachita manyazi akatero, mumtima ndinkakondwa, moti akandituma ndinkachita kuthamanga.

Fodya wa pa esitetiyo anali wowotcha. Kwa inu amene simunaionepo balani, ndi nyumba yaitali ya njerwa, yopanda mawindo, ya chitseko chimodzi chokha. Ng'anjo yake ili panja, moto umasonkhedwa panja pomwepo, ndipo kutentha kumayenda m'mapaipi a malata amene amadutsa pansi m'katimo, utsi n'kukatulukira ku chumuni. Chaka chilichonse mu Disembala, fodya asanakhwime, timayesa mabalani onse. Timasonkha nkhuni zosakaniza ndi masamba aawisi kuti utsi uchuluke, n'kuona ngati mapaipi abowoka, chifukwa utsi ukalowa m'kati fodya amada, ndiye kuti chaka chonse mwavutika pachabe.

Panali balani imodzi yakale, yotalikirana ndi zinzake, m'mphepete mwa nkhalango ya bulugama. Mvula isanayambe akapitawo anaikhoma ndi loko wamkulu, n'kulengeza kuti asungamo mankhwala oopsa a bwana, ndipo mwana aliyense wopezeka kumeneko makolo ake achotsedwa pa esiteti. Sipanapite nthawi, azimayi okatola nkhuni anayamba kunong'onezana kuti kumeneko kukumveka zinthu, mwina kugogoda, mwina ngati anthu akung'ung'udza mawu osamveka, dzuwa likuswa mtengo. Kenako wina anakumbukira kuti kale tenanti wina wochokera kutali anagwa kuchokera pa mikangala ya pamwamba, mitengo yopachikapo fodya ija, m'balani yomweyo n'kufa, ndipo anaikidwa abale ake osadziwa. Basi, aliyense anakhutira kuti ndi mzukwa wa iyeyo. Akapitawo atamva anaseka mpaka misozi, n'kunena kuti mlonda wosalipidwa ngati ameneyo ndi amene ankamufuna. Ife tinaseka nawo, nanga tinkadziwa chiyani?

Amayi anandikhazika pansi n'kundikumbutsa zimene anandiphunzitsa ndili mwana, zimene aliyense kwathu amazidziwa, kuti ukamva mawu akuitana mwini wake osamuona, usayankhe ndipo usacheuke, chifukwa ukangoyankha wadzipereka wekha. Anawonjezera kuti zoterezi zimaopa moto.

Sabata imeneyo inali ya feteleza wa makuponi. Mukukumbukira mmene zinkakhalira, anthu kugona pa mzere ku depoti, lole ikatsitsa lero, mawa watha. Pafupifupi amuna onse a pa esiteti anali kale kumeneko, poti tenanti aliyense anali ndi kamunda kake ka chimanga. Akapitawo anali atapita ku boma dzulo lake, akuti kukaonana ndi anthu. M'mawa mwake bwana anaimbira amalume, chifukwa foni ya akapitawo sinkapezeka, n'kuwakalipira kuti akubwera kumapeto kwa sabata ndipo akufuna kupeza mabalani atayesedwa, onse. Amalume, kuponi ili m'thumba, njinga ili m'manja, anandiuza kuti mphwanga, ntchito ija umaidziwa, uyambe ndi ya ku bulugama. Nditafunsa za loko, anati ng'anjo ili panja, makiyi n'ngachiyani, ndingosonkha n'kuima patali, utsi ukatulukira ku chumuni kokha zili bwino, ukatulukira ku denga ndi pansi pa chitseko ndiye kuti mapaipi aola. Nditafunsa za mankhwala aja, anati akapitawo amangotiopseza kuti tisabe malata, mankhwala onse ali ku sitolo, amalumewo ndi amene anawanyamulira kumeneko. Nditafunsa za mzukwa, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kundifunsa ngati andigulire chitenje pobwera. Ndinachita manyazi, ndinatenga machesi ndi nkhwangwa.

Linali dzuwa lija lowawa la mvula ikadula. Ndinatuta nkhuni, ndinathyola masamba aawisi a bulugama, ndinasonkha, ndipo moto unagwira bwino. Nditaima patali ndinaona kuti ku chumuni kukutuluka kautsi kochepa chabe, koma ku denga ndi pansi pa chitseko utsi ukutuluka wakuda bii. Ndinati mumtima, eya, amalume ananena, mapaipi aola. Pamenepo ndi pamene kugogoda kunayamba.

Abale anga, sindikudziwa ngati munamvapo chitseko cha malata chikumenyedwa kuchokera m'kati mwa nyumba imene mukudziwa kuti mulibe munthu. Poyamba kunali pang'onopang'ono, ngati mlendo waulemu akuodira. Kenako manja ambiri, kenako mawu, osati a munthu mmodzi ayi, amuna ambiri akukuwa m'chinenero choti sindinachimvepo, si Chitumbuka, si Chiyao, si Chizungu. Ndinafuna kuthawa, koma ndinakumbukira mawu a amayi. Ndiye ndinachita zimene ndinaphunzitsidwa. Ndinafulatira chitseko, ndinatseka pakamwa, ndinabwerera pa ng'anjo n'kuwonjezera nkhuni, poti zoterezi zimaopa moto. Mawu akamakula, ine n'kumawonjezera. Ndinkapemphera chamumtima, misozi ikutsika chifukwa cha utsi ndi mantha omwe, ndipo ndinkaona ngati ndikupambana, chifukwa patapita kanthawi mawu aja anayamba kuchepa, m'malo mwake n'kumamveka kutsokomola. Kodi mzukwa umatsokomola? Funso limeneli linabwera m'mutu mwanga, koma ndinalikankhira kutali.

Amene anatipulumutsa tonse ndi bambo wina wachisilamu wa golosale ku Mtunthama, amene ankayenda pa njinga m'maesiteti kugulitsa sopo, mchere ndi usipa kwa matenanti. Njira yawo yachidule inkadutsa m'bulugama momwemo. Ataona utsi anaima n'kundifunsa moseka ngati ndikuwamba mbewa za mudzi wonse. Ine osayankha, ndinangowalozera chitseko ndi chibwano. Anatsika pa njinga, anatchera khutu, ndipo nkhope yawo inasintha ine ndikuona. M'kati muja munatsala mawu a munthu mmodzi yekha, ofooka, akubwerezabwereza zomwezomwezo. Bambowo anandigwira paphewa n'kundigwedeza, akuti mwana iwe, ameneyo akunena mawu amene Msilamu amanena akaona kuti akufa, muli anthu umu, zimitsa motowo. Ine ndinawachonderera kuti asayankhe, ndi mzukwa. Anandikankha n'kundifunsa kuti mzukwa unafa kale, ungaopenso imfa bwanji?

Ndinasolola zikuni zoyaka m'ng'anjo ndi manja, chipsera chake ndili nacho mpaka lero, iwo akumenya loko ndi nkhwangwa yanga. Chitseko chitatseguka utsi unatuluka ngati chinthu chamoyo, ndipo pambuyo pake anthu anayamba kutuluka chokwawa, ena akukokana, amuna okhaokha, aatali, oonda, maso ali psuu. Anali ambiri moti mpaka lero sindimvetsa mmene anakwanira m'menemo. Fungo lake sindingalifotokoze. Pakona panali zigubu zopanda madzi ndi mapepala a buledi. Ena atangopeza mpweya anathawira m'nkhalango, ena anangodzigwetsa pa udzu n'kumasanza. Wotsiriza tinachita kumunyamula, mnyamata wa msinkhu wanga, amene anagwera pa paipi yotentha. Mwendo wake unali utapsa ndipo sankatsegula maso.

Amayi anafika akuthamanga pamodzi ndi azimayi ena. Bambo wa golosale anatifotokozera kuti awa ndi anthu a ku Ethiopia, amadutsa dziko lathu opanda mapasipoti pa ulendo wa ku Joni, ndipo amene amawatsogolera amawabisa m'malo otere podikira lole ina, n'kuwaopseza kuti akangotulutsa mawu apolisi awagwira. N'chifukwa chake masiku onsewo ankangong'ung'udza, ndipo ngakhale utsi utayamba kuwalowa anayamba ndi kugogoda mwaulemu. Bambowo anati mnyamatayo apite ku chipatala msanga. Amayi anagwada pamaso pawo n'kuwapempha kuti bambo, taganizani kaye, achipatala aitana apolisi, ndipo lamulo limati wosunga anthu olowa m'dziko mopanda chilolezo amamangidwa, nanga amene wasonkha moto si mwana wangayu? Azimayi ena anati timubise m'chigafa mpaka atsitsimuke. Bambowo anayankha kuti mayi, akafera m'manja mwanu mlandu wake sukhalanso wa mapasipoti, ukhala wakupha munthu. Amayi anamasula chitenje chawo chapamwamba n'kumufunditsa mnyamatayo. Tinamukweza pa ngolo.

Apolisi anabwera tsiku lomwelo. Amene anatsala pa udzu anawatenga, ndipo othawa aja ambiri anapezeka m'minda, nanga akanapita kuti anthu osadziwa ngakhale kupempha madzi akumwa? Akapitawo sanabwerenso, anthu amati anawolokera ku Zambia. Bwana anati iye sakudziwapo kanthu. Ndiye anatsala ndani? Amalume, amene anakawatenga pa mzere wa feteleza pomwepo anthu akuona, chifukwa ndi iwo analamula kuti balaniyo iyatsidwe. Ine anandifunsa mafunso n'kundibweza, koma wapolisi wina wachikulire anandiuza mosabisa kuti ndipemphere kwambiri kuti mnyamata uja adzuke. Akadzuka anena yekha amene anawakhomera, akapanda kudzuka ine ndi amalume tikayankha mlandu wa imfa yake.

Masiku amenewo ndinkapalasa njinga ya amalume kupita ku chipatala ku boma n'kukaima pa windo, poti pambali pa bedi lake pankakhala wapolisi. Ndinkangoyang'ana chifuwa chake, kuona ngati chikukwera ndi kutsika, ndipo nthawi zina chikachedwa kukwera inenso mpweya unkandithera. Anamwino anafika pondizolowera, akandiona ankauzana kuti m'bale wake wa mlendo uja wafika, kodi lero wabwera ndi chiyani, manyazi okhaokha? Pa esiteti, anthu omwe aja ankafalitsa za mzukwa anayamba kunena kuti iwo ankadziwa kale kuti muli anthu.

Mnyamata uja anadzuka. Apolisi anapeza womasulira, ndipo mnyamatayo anafotokoza za munthu wokonda kuseka, wa chipewa chofiira, amene ankabwera ndi buledi ndi makiyi. Anzake ananenanso chimodzimodzi. Atabwera nawo amalume kuti awaone, mnyamatayo anapukusa mutu kuti sakuwadziwa. Kenako anandilowetsa ine, wapolisi n'kumuuza kuti uyu ndi amene anasonkha moto. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kulankhula motsitsa, ndipo womasulira anati akufunsa ngati ndinkawamva. Ndinavomera. Anafunsanso kuti nanga bwanji sindinayankhe. Ndinayesa kufotokoza za tenanti amene anagwa uja ndi zimene amayi anandiphunzitsa, womasulira anamasulira zonse, ndipo mnyamatayo sanaseke, sanakwiye, anangotembenukira ku khoma. Funso limenelo ndimalimvabe ndikamasonkha moto.

Ndinamva kuti atachira anapita naye ku khoti pamodzi ndi anzake, anawapeza olakwa polowa m'dziko mopanda zikalata, ndipo anawasunga kundende podikira kuwabweza kwawo. Kaya anafika, ine sindikudziwa.

Za mizukwa sindingatsutsane ndi akuluakulu, mwina iliko. Koma lero ndikamva mawu kuseri kwa chitseko chokhoma ndimayankha, ndipo ndimaitana anthu. Malamulo a mapasipoti sindikuwadziwa bwino moti n'kuwaweruza, chimene ndinaona ndi maso anga n'chakuti munthu wopanda zikalata amaopa kukuwa ngakhale akupsa, ndipo amene amamutsogolera amadziwa zimenezo. Anzanga amene ndinakula nawo akhala akundinyengerera kuti tipite ku Joni, akuti pasipoti n'kuchedwa nayo, alipo anthu odziwa njira. Achinyamata anzanga, musanakwere lole ya munthu wotero, dziwani kuti tsiku lina adzakukhomerani m'nyumba ya eni ake n'kupita ndi makiyi, ndipo mukadzayamba kukuwa m'Chichewa chanu chabwinocho, panja padzakhala mnyamata wamantha ngati ine, amene amayi ake anamuphunzitsa kusayankha.

Amalume anawatulutsa kuponi ija ikali m'thumba la malaya, feteleza atatha kale ku depoti. Nkhani yathu inathera pomwepo, chaka chomwecho, tsiku loti mawa lake ndi Khirisimasi.