Kabwato ka Pansi pa Kamlatho

Fungo la chiwale chonyowa limandibwezera ku Kapata, dzinja limene atate anatuluka m'chipatala dzanja lamanja litafa, pakamwa patapotoka. Mphunzitsi amene mawu ake ankamveka mpaka kumsewu tsopano ankangokhala pakhonde, bulangete lili m'miyendo. Adokotala anali atanena kuti akapanda kuyenda, mwendo uumiratu. Amayi anachonderera mpaka kutopa, koma atate ankachita manyazi kuti ana awo asukulu awaona akukhwekhwereza phazi.

Ine za manyazizo sindinkazidziwa. Mtima wanga unali pangalande ya kuseri kwathu, imene mvula ikagwa inkasefukira madzi ofiira odzaza zitsononkho ndi makoko a mango. Ndinasema kabwato ka chiwale, n'kuzikapo mlongoti wautali wodzionetsera. Koma kakafika pakamlatho ka matabwa kolowera kumsika, kankakodwa, madzi n'kukagubuduza. Ndinkalira ngati ndafedwa.

Amayi ankangoti ndikafunse atate. Atatewo, ndi lilime lawo lolemera, anati ndidule mlongoti. Ndinadula, koma kanakodwabe. Anati pansi pake paphwathalale, m'mbali mufupike. Ankakapana ndi mawondo ine ndikupala ndi mpeni wa amayi. Kenako tinamata dongo mkati kuti kazimirako pang'ono. Komabe madzi akakwera, mphuno yake inkagunda thabwa.

Tsiku lina anandifunsa kukula kwa mpata wa pakati pa madzi ndi thabwalo. Ndinaonetsa ndi zala, kenako ndinasintha, n'kusinthanso.

"Iwe Tisa, sutha kuyeza," anatero atakwinya nkhope. "Ndipatse ndodo."

Tinayenda pang'onopang'ono, phazi lawo likulemba mzere m'matope. Ndinkachita mantha kuti agwa. Anyamata awiri a m'kalasi mwawo anawapatsa moni mwaulemu, ndipo palibe anaseka. Atate anayang'anitsitsa kamlathoko, n'kundiuza kuti ndipale mphuno ija pomwepo. Kabwato kanalowa mumdima wa pansi pa matabwa, ndipo katatulukira mbali inayo ndinalumpha ndi chimwemwe. Nditacheuka ndinaona amayi ataima pampanda, atatseka pakamwa ndi chitenje.

Nthawi imeneyo ndinkaona ngati amayi sadziwa kanthu za mabwato. Nditakula m'pamene ndinakumbukira kuti ana ena onse ankaponya timabwato tawo kumunsi kwa kamlatho, kumene kunalibe chotchinga. Amayi ankadutsa pamenepo tsiku lililonse popita kumsika, ndipo sanandiuzepo.