Ngolo ya Apongozi

Nditabwera kuchokera ku Halale, m'zaka zimene anthu ankakangana za Chitaganya, abale ankayembekeza kuti ndibweretsa njinga ndi bulangete ngati amuna anzeru. Ine ndinabwera ndi galimoto. Mzungu amene ndinkamugwirira ntchito m'galaja anandisiyira pobwerera kwawo, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ankandikonda kapena ankandilanga. Inali yofiira, yopanda denga, ya mipando iwiri yokha, yaifupi moti inkakanirira pa mzere wa chinangwa. Anaipangira kuthamanga basi. Thumba la chimanga silinkakwanamo, mbuzi sinkakwanamo, koma ikalira agalu onse a m'mudzi ankathawira kudambo. Ndisaname, ndinkaikonda kwambiri.

Ndinali pachikamwini m'mudzi wina pafupi ndi Nsanama, ndipo masiku amenewo mkamwini sankayang'anana ndi mayi a mkazi wake. Tikakumana panjira, mmodzi ankapatukira kutchire. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinakhala pamudzipo, koma nkhope ya apongozi anga ndinkangoidziwa cham'mbali. Mawu onse ankadzera kwa mkazi wanga. Apongozi ankatha kunena kuti, "Uwauze amuna ako kuti mbuzi zalowa m'munda," ine ndili pomwepo ndikumva, koma ndinkadikira kuti uthenga undipeze mwa dongosolo lake, mbuzi zikudya.

Apongoziwo anali ndi mwana wamwamuna mmodzi yekha, mlamu wanga, amene ankagwira ntchito ku Salima. Lolemba lina kunabwera kalata. Analemba kuti walembetsa zopita kumigodi ku Joni, ndipo sitima yake idzaima pa Balaka kanthawi kochepa Lachinayi masana. Tonse tinkadziwa kuti ambiri opita kumeneko ankatchona, osabweranso. Apongozi anati zivute zitani akamuona mwana wawo asanapite. Miyendo yawo inali yotupa, lole inkadutsa Loweruka lokha, ndipo mkazi wanga anali m'chikuta ndi khanda la masiku anayi. Maso onse anatembenukira ku galimoto yanga.

Nkhani inapita kwa amalume a mkazi wanga, mlongo wawo wa apongozi, amene anali mwini mbumba. Anali munthu wamtali wa mkanjo woyera, wosafulumira pa chilichonse. Anazungulira galimoto kawiri, n'kuyeza ndi chikhatho mpata wa pakati pa mipando. Chikhatho sichinakwane.

"Iyayi," anatero. "Apa mawondo agundana. Mlongo wanga akhale pano, inu apa, anthu adzati pamudzi pano palibe akulu."

"Nanga titani, amalume?"

"Mumangire ngolo kumbuyo. Kutsogoloku ndikhala ine."

Ndinayesa kuwauza kuti galimoto yotere siikoka zinthu. Anandifunsa kuti ili ndi mphamvu za ng'ombe zingati. Ndinadzitama kuti zambiri, ndipo pamenepo ndinali nditadzitchera ndekha.

Lachiwiri m'mawa ndinapita nayo kwa mmisiri wina wosula makasu pa Nsanama. Iye anangotenga chingwe cha khonje kuti amange pa bampala, chitsulo chonyezimira cha kumbuyo kwa galimoto. Ndinagwedeza bampalayo ndi dzanja limodzi kuti aone kuti inali yokongoletsera chabe. Chokokera chimayenera kugwira zitsulo ziwiri zazitali zimene zimayenda pansi pa galimoto, chifukwa ndizo mafupa ake. Koma pansipo ngakhale mutu sunkalowa. Tinakumba dzenje pabwalo pake n'kukankhira galimoto pamwamba, ndipo amayi opita kumsika ankaima kutifunsa kuti yafa liti.

Tinapeza chitsulo cha pulawo yakale choti chipingase pakati pa mafupa awiriwo. Mmisiri ankafuna kuchibweretsa chili psuu kuchokera pamoto kuti achipindire pomwepo, pansi pa thanki ya petulo. Ndinakana mpaka kukalipa. Choncho moto unakhala uko, galimoto kuno, ndipo iye ankayeza ndi manja. Ankalowa m'dzenje, n'kutambasula zikhatho molingana ndi mpata wake, n'kutuluka atauma choncho, kuyenda pang'onopang'ono kupita ku ng'anjo. Ulendo woyamba ali pakati pa bwalo kunadutsa agogo ena. Mmisiri anawerama n'kuomba m'manja kupereka moni, muyeso n'kuthera pomwepo. Ulendo wachiwiri kunadutsa shehe. Wachitatu ndinathyola bango n'kumupatsa, iye n'kukhumudwa kuti ndikunyoza luso lake.

Kuboola mabowo anayi ndi choboolera cha pamanja kunatidyera tsiku lonse, dzimbiri likugwera m'maso. Paipi ya utsi inatitsekera njira, tinaikhotetsera kumbali. Tinamanga ndi mabawuti a pulawo yomweyo, ndipo pakati pa chitsulocho tinasiya lilime lotulukira kumbuyo, lokhala ndi bowo lolowetsamo pini. Nditalidumphira ndi miyendo yonse galimoto inagwedezeka koma lilime silinasunthe. Ndinanyada kwambiri.

Lachitatu tinapanga ngolo. Mateyala anali a njinga yamoto yakufa, pansi pake chitseko, pamwamba mpando wa ndalema wokhomera ndi misomali. Ine ndinkafuna mtengo wokokera waufupi kuti ngolo isamavine. Amalume anabwera kudzayendera ntchito, ndipo anayeza ndi mapazi mtunda umene mkamwini amayenera kutalikirana ndi apongozi ake. Unatuluka mtengo wa bulugama wautali kuposa galimoto imene. Analamulanso kuti mpando uyang'ane kumbuyo, kuti mlongo wawo asamaone nkhongo yanga.

Kenaka ndinatulutsa tcheni. Ku galaja ndinaphunzira kuti pini imatha kudumpha, ndiye pamafunika tcheni chogwira ngolo zikatero. Amalume ataona anasintha nkhope.

"Unyolo? Mlongo wanga ndi mkaidi wa boma? Adutse pa Liwonde atamangidwa unyolo kumbuyo kwa mkamwini?"

"Sindikumanga iwo, amalume, ndikumanga ngolo."

"M'ngolomo muli ndani?"

Ndinaika tcheni pansi, ndipo kufooka kwanga kwa tsiku limenelo kumandipwetekabe.

Tinanyamuka Lachinayi dzuwa likutuluka. Apongozi anakwera ine nditayang'ana kumbali, atanyamula dengu la mtedza wokazinga ndi nkhuku yootcha. Amalume anakulunga kagalasi koonera kumbuyo ndi mpango wawo kuti maso anga ndi a apongozi asakumanemo mwangozi. Nditangoliza injini anati "Bisimila," n'kukokera chisoti kumaso, n'kugwira chitseko ndi manja awiri. Ameneyo ndiye anali mlonda wathu.

Mpaka pa Liwonde tinayenda bwino, liwiro la njinga. Anthu okoka pantoni yowolotsa pa Shire anaseka mpaka kukhala pansi, wina n'kufunsa ngati mayiwo ndi a bwanamkubwa. Titawoloka ndinafuna kuona pini, koma pini inali mbali ya apongozi. Ndinatuma amalume. Anasuzumira ali chikhalire n'kunena kuti zonse zili bwino.

Msewu wa ku Balaka unali wa mabampu ang'onoang'ono ogwedeza mano. Dzuwa linali litakwera, ndiye ndinawonjezera moto pang'ono. Penapake ndinamva galimoto yapepuka, ikuthamanga mokoma ngati kale. Mumtima ndinati injini yazolowera katundu. Kutembenuka sindikanatha, galasi linali lomanga, amalume ankapemphera m'chisoti.

Tinalowa pa siteshoni ya Balaka mwaulemu wonse, sitima isanafike. Ndinazimitsa injini, maso kutsogolo.

"Amalume, afunseni amayi ngati ayenda bwino."

Anavundukula chisoti n'kutembenuka.

"Atsika kale kapena?" anatero.

Kumbuyo kunali lilime lathu lija, lolimba bwinobwino, bowo lili pululu.

Sindinayendetsepo galimoto ngati mmene ndinayendetsera pobwerera. Tinayamba kuona ngolo, ili pakati pa msewu chapatali, mtengo utazika mumchenga. Koma apongozi tinakumana nawo tisanaifike. Ankabwera wapansi ndi miyendo yotupa ija, dengu pamutu, akuyesa kuthamanga, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Tinadzamva pambuyo pake kuti pini itadumpha anationa tikupita, ndipo tinali pafupi moti akanakuwa ndikanamva. Koma akanakuwira ndani? Mlongo wawo, mutu uli m'chisoti muja, sakanamva, ndipo mkamwini saitanidwa ndi apongozi ake pamsewu.

Nthawi yomweyo tinamva sitima ikulira chakumpoto.

Amalume anatsika n'kuyamba kufotokoza kuti tipite kaye pa ngolo tikafunefune pini m'udzu. Apongozi anawakankhira pambali ndi dengu, n'kudziponya pa mpando wa m'galimoto uja. Bondo lawo linagunda langa. Anandiyang'ana m'maso, koyamba chikwatirire mwana wawo, ndipo ndinaona kuti mkazi wanga anatengera mphuno yawo.

"Mwana wanga, thamanga," anatero.

Tinawasiya amalume pamsewu pakamwa pali yasa. Galimoto ija inachita zimene anaipangira. Apongozi sanatseke maso ngakhale kamodzi, mpango wa kumutu unauluka osaucheukira, ankangoti, "Wonjeza, wonjeza."

Tinapeza sitima itayamba kale kusuntha. Mazenera anali odzaza mitu ya anyamata, koma mlamu wanga anali atatulutsa thupi lonse mpaka m'chiuno, akufunafuna m'gulu la anthu. Apongozi anatsika galimoto isanaime. Anathamanga m'mbali mwa sitimayo akuitana dzina lake la paubwana, iye n'kutambasula dzanja, iwo n'kuligwira. Anayenda nalo masitepe mwina khumi. Sindinamve zimene anauzana, ngati anauzana kanthu. Kenaka sitima inawonjezera liwiro, manja n'kulekana. Dengu linali litatsala m'galimoto, pamapazi panga.

Tikanafika nthawi imene ndinafika ndi galimoto yopanda ngolo ija, akanakhala naye pansi, akanamuona akudya nkhuku. Ndinalira pa siteshoni paja, anthu akundiyang'ana.

Mlamu wanga analemba makalata awiri, kenaka zii. Sanabwerenso. Apongozi anakhala zaka zina zambiri, ndipo za pini sanazitchulepo kwa wina aliyense. Anthu akawafunsa za mwana wawo wa ku Joni, ankayankha ngati munthu amene wamuona dzulo. Ankati anali atawonda pang'ono, tsitsi linkafunika kumeta, koma dzanja lake linali lofunda.