Mashoko a batani auma, amuna anga akulephera kupita ku mafizo

Ndasowa mtengo wogwira, abale. Lero ndi Lachinayi lachitatu amuna anga osafika ku mafizo, chifukwa cha galaja ina ya ku Limbe imene inandigulitsa mashoko a batani. Dzina sinditchula, eni ake akudzidziwa.

Ine ndimagula mpunga ndi matemba kuno ku Chilwa, kwa Mwambo, n'kumakagulitsa ku Zomba pa kapikapu kanga. Ndimayendetsa ndekha. Amuna anga, bambo a Zaina, ndi asodzi. Mwezi wa Meyi boti linawagwera pamsana akulikokera kumtunda ndi anzawo. Anachitidwa opaleshoni. Adokotala sanabise mawu: Lachinayi lililonse azibwera kuchipatala ku Zomba ku mafizo, kukawongola miyendo, akamadumphadumpha masiku miyendo ifota, za kuyendanso aiwale.

Msewu wathu mukuudziwa. Kuchoka kunyanja kukafika pa tala ndi mabampu okhaokha. Ndinkawagoneka pa matiresi kumbuyo, ine n'kumayenda pang'onopang'ono mpaka anjinga kumandipitirira. Ankamva kuwawa, koma ankafika. Mvetsetsani pamenepo. Ankafika.

Mtima wofuna zabwino ndi umene unandipweteketsa. Ndinamva kuti kunabwera mashoko amagetsi. Mashoko ndi zitsulo zija zimameza mabampu pa matayala, koma awa akuti ali ndi kabokosi pansi pa mpando ndi batani pafupi ndi chiwongolero. Ukadina uku galimoto imafewa, ukadina uku imalimba kuti isenze katundu. Ndinati basi, Mulungu wandiona. Lachinayi ndizifewetsa ndikanyamula wodwala, masiku ena ndizilimbitsa ndikanyamula matumba.

Ndinafika pagalajapo Lolemba, 9 koloko m'mawa. Anandilandira mwini wake, bambo wa tcheni pakhosi, mawu okoma ngati akufunsira mbeta. Ndinamuuza zonse. Ndinati ndimakhala ku Chilwa. Ndinati nyanja ikaphwa timayendetsa galimoto pamatope ouma mpaka pomwe pafika maboti, ndipo matope athu ndi amchere, amadya ndi chitsulo chomwe. Ndinafunsa kawiri kuti zinthu zamagetsizi zipirira? Iye kuseka. Akuti, "Mayi, izi anapangira misewu yoipa kuposa yanuyo. Abambo azigona tulo mpaka kuchipatala."

K1,300,000. Ndinapereka, lisiti ndili nayo. Pofika 3 koloko anali atamanga.

Sindinama, masabata awiri oyamba zinali bwino. Bambo a Zaina anafika ku Zomba osaluma mano. Pobwerera anandiseka kuti mayi a Zaina, mwagula ndege kodi? Anali atayamba kugwedeza zala za kuphazi lamanzere. Ine chimwemwe, kuuza aliyense padoko.

Sabata yachitatu, Lachiwiri, ndikuchokera kokatenga matemba, kanyali ka pa batani kanayamba kuphethira kofiira. Ndinadina, zii. Ndinazimitsa galimoto n'kuyatsanso, zii. Galimoto inauma gwa. Kamwala kakang'ono kumamveka mpaka m'mano. Matumba kumadumpha kumbuyo ngati ali moyo. Ngolo ya ng'ombe ili bwino.

Ndinaimbira foni mwini galaja 2 koloko. Osayankha. Hafu pasiti 2, osayankha. Cha m'ma 4 anayankha, akuti ndichotse waya wa batire ndiwerenge mpaka teni. Ndinawerenga mpaka handiredi, abale. Palibe chinasintha.

Lachitatu ndinalawirira ku Limbe, mafuta anga, msana wanga. Ndinafika 10 koloko. Anandikhazika pa tayala lakutha mpaka 1 koloko, akuti abwana ali ku banki. Atabwera anasuzumira pansi pa galimoto osagwada n'komwe, kuopa kudetsa thalauza. Akuti mawaya adyeka ndi mchere, kabokosi kapsa. Akuti kabokosi kakapsa mashoko amadzitsekera pa kulimba, ndi mmene anawapangira, kuti galimoto isagubuduke. Ndiye bwanji simunandiuze tsiku lija? Akuti sindinafunse. Ndikanafunsa bwanji chinthu chimene sindikuchidziwa? Wogulitsa ndine kapena inu?

Ndinatulutsa lisiti, polembedwa kuti chikawonongeka miyezi sikisi isanathe akonza ulere. Anaitembenuza n'kundionetsa timalemba ta kumbuyo, tating'ono ngati nyerere. Akuti madzi ndi matope sizikuwerengedwa. Akuti galimoto ndaizunza. Ndaizunza? Munkaganiza kuti ku Chilwa kuli kapeti? Si ndinakuuzani ndi pakamwa pangapa za matope amchere, inu n'kuseka?

Ndinameza mate. Ndinati chabwino, zandigwera, ndibwezereni mashoko anga akale aja, ndikwanitsa nawo. Anayang'anana ndi makaniko wake. Akuti zakale sasunga, anagulitsa kwa ogula zitsulo tsiku lomwelo. Mashoko anga abwinobwino, ogwira ntchito, osandifunsa! Kabokosi katsopano akuti ayitanitse kunja, K600,000, ndipo kafika pakatha masabata sikisi, mwina eyiti. Mashoko wamba akuti sangangolowa, chifukwa pomanga awo anadula ndi kuwotcherera pomangirira, pafunika kuwotchereranso. Nanga ine ndichite chiyani pa masabata eyiti? Ndiuze miyendo ya munthu kuti idikire?

Apa mawu anga anakwera, sindikana. Ndiye bambo uja anandiyankha mawu amene mpaka lero akundiwotcha. Akuti, "Mayi, nkhani za galimoto n'zovuta kuzimvetsa. Mutume abambo akunyumba abwere, tikambirane amuna okhaokha."

Ndinati, "Bambo, amuna angawo ndi amene ali gone pa matiresi. Ndi amene munandilonjeza kuti azigona tulo mpaka kuchipatala." Akuti pepani, koma ndondomeko ndi ndondomeko. Analowa mu ofesi n'kutseka chitseko.

Musaganize kuti ndangokhala. Makaniko a pa Jali anayang'ana n'kupukusa mutu, akuti zamagetsizi sazidziwa, ndipo powotcherera paja akuopa kugwirapo. Wa ku Zomba akuti ayesa, koma ndisiye galimoto sabata yathunthu, ndipo sakulonjeza. Galimoto zina za kuno ndi malole a nsomba, olimba kuposa yangayi. Minibasi munthu wosatha kukhala tsonga akwera bwanji? Panjinga yamoto ndiye ndisanene. Lachinayi loyamba linadutsa, lachiwiri linadutsa. Ndimawatambasula miyendo ndekha pakhonde monga anandionetsera anamwino, koma ine si dokotala. Zala zija zinasiya kugwedezeka.

Cholakwa changa chachikulu n'chakuti ndinawauza bambo a Zaina mawu a bambo uja. Lero m'mawa, 6 koloko, ndinawapeza atavala kale mkanjo wawo woyera ndi chisoti, amene amavala popita ku Juma, kumzikiti Lachisanu. Akuti, "Mayi a Zaina, ndinyamuleni. Tiyamba ku mafizo, tikatero tipite ku Limbe. Akufuna mwamuna, ndikaonekere."

Ndinawaletsa, anakana. Achimwene awo anandithandiza kuwakweza. Ndinayala matiresi awiri, mapilo mbali zonse, matayala ndinaphwetsako mpweya. Ndinayenda giya wani. Bampu loyamba anangoti mmm. Lachiwiri ndinamva akumenya bodi ya galimoto ndi chibakera. Ndinaima, akuti pitirizani. Ndinapitiriza. Tisanafike n'komwe pa tala, pa kamlatho ka matabwa, galimoto inadumpha, ndipo ndinamva kukuwa kumene sindinakumvepo chikwatiwireni.

Ndinathamangira kumbuyo. Mkanjo wonse thukuta, chisoti chagwera uko. Munthu amene ndakhala naye zaka naintini, amene sanalire ngakhale tsiku limene boti linamugwera, misozi ili chuchuchu. Anandigwira dzanja n'kunena chapansipansi, "Tibwerere, mayi a Zaina. Ndalephera."

Tinabwerera. Mtunda wa mphindi twente tinayenda ola ndi hafu.

Ndiye inu a galaja, ndikudziwa muwerenga, ndiyankheni. Munatengeranji ndalama zanga mutamva kuti ndimakhala ku Chilwa? Munagulitsiranji mashoko anga osandifunsa? Chinthu chogulira wodwala chikawonongeka chimadzitsekera pa kulimba, inu mukudziwa, n'kukhala chete?

Anzanga a kunyanja kuno, wina akakuonetsani batani lofewetsa galimoto, mufunse kuti likafa zimatha bwanji, ndipo zitsulo zanu zakale muzikweze m'galimoto musanapereke ndalama. Ine ndinadziwa mochedwa.

Ngati pali makaniko amene angabwezeretse mashoko wamba pa kapikapu kameneka Lachinayi lisanafike, chonde ndilembereni. Sindikufunanso zofewa. Ndikungofuna munthu wanga akafike kuchipatala. Panopa ali chigonere, ayang'ana kukhoma, ndipo mkanjo uja akukana kuvula.