Mano a Bwato la Agogo

Dzulo ndinadutsa pa kalipentala akupala thabwa la mlombwa, ndipo fungo lake linandibweza kwathu ku Zemba, pa bwato lakale limene tinkamwetseramo ng'ombe.

Agogo aamuna atamwalira, mng'ono wawo wa ku Mlolo anabwera ndi ngolo kudzalitenga. Ankati ndi la mbawa, losemedwa kwawo kalekale, agogowo asanabwere kuchikamwini. Amayi anakana. "Ndi la mlombwa wa kudimba kwathu. Analisema ine ndikuyenda kale."

Wapampando wa chipani, amene anaitanidwa kudzaweruza, ankangoligogoda ngati akusankha chivwende.

Ine ndinkadziwa mmene atate ankaonera zaka za ng'ombe. Ndinagwada kumutu kwa bwatolo n'kupapasa m'kati mosamala, ndere zikuterera m'zala.

"Lilibe dzino ndi limodzi lomwe!" ndinalengeza. "Ndi lokalamba zedi!"

"Mwamumva mwanayu?" anatero agogo a ku Mlolo, nkhope ili ngwee.

Amayi anandiponyera diso loti tikaonana kunyumba. Kenaka anapala m'mbali mwa bwatolo ndi mpeni n'kumununkhitsa wapampando zopalazo. Linali fungo la mlombwa, ndipo ngolo inabwerera yopanda kanthu.

Lero adzukulu akandifunsa zaka zanga, ndimayankha dzanja lili pakamwa.