Gemu ya bawo ya agogo yatsekedwa

Mwaswera bwanji nonse? Ndine Tadala kuno ku Mkanda, ndabwereka foni ya amayi.

Gemu ya bawo imene amalume munagulira agogo aamuna pafoni yasiya kutseguka lero. Yangolemba kuti kampani yake yaitseka. Paja chidwalireni sitiroko zala zawo sizitha kutola timiyala, ndiye ankadalira imeneyi.

Agogo anapukuta foni yawoyo ndi malaya awo kangapo, poganiza kuti ndi fumbi. Nditawafotokozera anangoti, "Nanga si tinagula, mdzukulu wanga?"

Ndawakumbira timaenje pabwalo. Iwo akuloza, ine ndikuwasunthira timiyala, ndipo andigonjetsa kale. Koma mawa ndikapita kusukulu atsala okha.

Amalume, kodi chinthu chogula angatilande chonchi osatiuza? Tikadandaule kuti?